Kea, chinkhwe chimene sichinaphunzire mantha

Galimoto imene ndinapita nayo ku Arthur's Pass inali yobwereka. Mwini wake ndi bambo wina wachikulire amene timapemphera naye kuno ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, munthu woti galimoto yake amaitsuka Loweruka lililonse ngakhale isanade. Pondipatsa makiyi anangonena chinthu chimodzi, kuti ndikafika kumapiriko ndisakaisiye payokha pamalo pamene pali akea. Ndinkayesa akunena akuba. Atandiuza kuti kea ndi mbalame ndinaseka mpaka iwo anandiyang'ana modabwa. Ine mwana wokulira m'tsinde mwa phiri ku Dedza, woti legeni inkagona m'khosi, ndikaope mbalame?

Unali mwezi wa Ogasiti, kuno nthawi yachisanu. Ukachoka ku Christchurch, msewu wa State Highway 73 umayamba wawongoka ngati chingwe, kudutsa m'chigwa cha Canterbury momwe muli ng'ombe zamkaka ndi nkhosa zokhazokha, kenaka mapiri a Southern Alps amangoti tumphu patsogolo pako, nsonga zake zili mbee ndi sinowo. Ndi ulendo wa maola awiri. Ndinali ndi mnzanga wa ku Chipata amene tinkachita naye lendi nyumba imodzi. Tinadutsa kamudzi ka Arthur's Pass, komwe nyumba zake ungaziwerenge osatsika m'galimoto, n'kukaima pamalo oonerapo mlatho wautali uja wa Otira Viaduct. Mphepo yake inali yolasa m'mafupa. Kuzizira kwa Juni kwa ku Dedza, kumene timadzitama nako tikakumana ndi anthu a ku Nsanje, ndinakuona kuti ndi masewera.

Tisanatseke n'komwe zitseko, kea woyamba anatera pachitsulo cha m'mbali mwa msewu. Kukula kwake ndi ngati msoti, masentimita pafupifupi 48 kuyambira kumlomo mpaka kumchira, ndipo wonenepa amangofika kilogalamu imodzi. Nthenga zake n'zobiriwira mothimbirira, ngati fodya amene wangoyamba kufota m'chigafa. Ali chiimire sungamutche wokongola. Koma akatambasula mapiko, kunsi kwake kuli psuu ngati makala amene akupemereredwa. Mlomo wa m'mwamba ndi wautali, wopindika ngati mbedza. Poyenda amadumpha chammbali, mutu ataupendeketsa, diso limodzi lili pa iwe. Diso limenelo ndi limene linandisokoneza. Mbalame zonse zimene ndinakula nazo zimakuyang'ana kuti zidziwe nthawi yothawira. Uyu ankandiyang'ana ngati mayi wa pamsika amene akufuna kudziwa kuti m'dengu mwako muli chiyani ndipo ukugulitsa bwanji.

Ndinali ndi tchipisi zotsala m'pepala. Ndinamuponyera imodzi. Anaitola ndi phazi, naikweza kukamwa ngati munthu akudya ndi dzanja, ine foni ili m'mwamba kujambula kuti abale kumudzi akaone. Potembenuka ndinapeza anzake awiri atakwera kale pagalimoto. Mmodzi ankasolola labala wa waipa mwachifatse, ngati mayi akusadzula nkhwani. Winayo anali pachitseko, mapazi atawatsamiritsa pagalasi, akukoka labala wa m'mbali ndi mphamvu zake zonse. Ndinakuwa, ndinavula jekete n'kumaizunguza. Anangodumpha phazi limodzi, n'kudikira kuti nditope, n'kubwereranso pomwe anasiyira. Uyo ndinamudyetsa uja anali pamwamba pa chikwangwani akulira mokweza, "keee-aa", kulira kumene Amaori, eni nthaka a kuno, anatengerapo dzina lake. Mnzanga wa ku Chipata sanandithandize. Anali atagwira m'mimba ndi phwete.

Mayi wina amene anaimika galimoto pafupi nafe anabwera. Ndinkayesa adzandipepesa. Za galimoto sanazitchule n'komwe. Anandifunsa ngati ndawerenga chikwangwani chimene mbalame ija inakhalapo, ndipo anandiuza mwaulemu, koma ulemu wake wolasa, kuti tchipisi imeneyo ndi imene imapha akea. Manyazi anandigwira, koma mumtima ndinkati mayiwa akukokomeza. Tchipisi imodzi? Galimoto ya eni yang'ambidwa, wolakwa n'kukhalanso ine? Panapita miyezi ndisanamvetse kuti mayi aja sananame.

Kea amapezeka pachilumba chakumwera cha New Zealand chokha. Mwa zinkhwe zonse za padziko, ndi iye yekha amene amakhala m'mapiri a sinowo, ngakhale ena a iwo amakhalanso m'nkhalango za m'munsi, kugombe lakumadzulo. Abale ake apafupi ndi kākā wa m'nkhalango ndi kākāpō, chinkhwe chonenepa chosauluka chija. Anthu asanafike, pazilumbazi panalibe nyama yoyamwitsa ya pamtunda kupatula mileme. Kunalibe mphaka, kunalibe khoswe, kunalibe likongwe. Mdani ankachokera kumwamba, ngati kabawi. Choncho pansi panali pamalo pamtendere, ndipo mpaka lero kea amaikira mazira pansi, m'dzenje la pakati pa mizu ya mtengo kapena m'mng'alu wa thanthwe.

Vuto lake lalikulu linali njala. Kumapiri chakudya n'chosowa ndipo chimasinthasintha ndi nyengo. Lero ndi zipatso za tizitsamba, mawa timadzi ta m'maluwa, mkucha mizu yoti ukumbe, kapena mphutsi zobisala pansi pa mwala, kapena nyama yofa yokwiririka mu sinowo. Mbalame yongodziwa chakudya chimodzi singatulukemo m'chisanu chotere. Imene imapulumuka ndi yotembenuza mwala uliwonse, yosenda khungwa lililonse, yolawa chilichonse chachilendo. Kugwiragwira kumene ife timakutcha kuwononga ndiye khasu lake. Ana amatha zaka ali m'timagulu, akugwetsana, akuponya timiyala m'mwamba, akulimbirana kamtengo kopanda ntchito, ndipo m'masewera momwemo ndi momwe amaphunzirira kuti chinthu ichi chimatseguka chonchi, icho chimathyoka apa. Labala wa galimoto kwa iye ndi khungwa la mtengo wachilendo. Mwina pansi pake pali mphutsi. Angadziwe bwanji asanasende?

Kwathu timati khwangwala wamantha adafa ndi ukalamba. Kumapiri a kuno mwambiwo unali chadodolido kwa zaka zikwizikwi: kea wamantha ndi amene ankafa msanga, ndi njala. Kenaka kunabwera anthu ndi katundu wawo.

Nkhosa zinakwera kumapiriko pakati pa zaka za m'ma 1800. Pofika m'ma 1860 abusa anayamba kupeza nkhosa zili ndi zilonda pamsana, chakumbuyo pamwamba pa impso. Poyamba ankayesa ndi matenda. Kenaka ena anati aona kea atakhala pamsana pa nkhosa yamoyo, zikhadabo zili mu ubweya, akuboola chikopa kuti adye mafuta. Mkangano wake unatha zaka zambiri. Ophunzira ena a m'tauni ankati abusa akunama, chinkhwe sichingachite zotero. Wofufuza wina, George Marriner, anasonkhanitsa maumboni a abusa n'kuwasindikiza m'buku mu 1908. Alimi sanadikire kuti ophunzirawo agwirizane. Boma, makhonsolo ndi eni mafamu anayamba kulipira aliyense wopha kea, umboni wake unali mlomo, ndipo m'ma 1920 mlomo umodzi unkafika mashiling'i khumi. Panali anthu amene ntchito yawo inali yomweyo. Kusaka kwake kunalinso kosavuta, chifukwa mbalame yopanda mantha imadzibweretsa yokha kudzaona kuti mfuti ndi chiyani. Pofika mu 1970, pamene malipirowo anatha, akea pafupifupi 150,000 anali ataphedwa. Chitetezo chathunthu anachipeza mu 1986.

Chinthu china chimandiseketsa mowawa. Kuyambira 1967 mpaka 1992 chithunzi cha kea chinali pandalama yapepala ya madola khumi ya New Zealand. Ndiye kuti kwa zaka zitatu munthu akanatha kupereka milomo ya akea n'kulandira ndalama yokhala ndi nkhope ya kea.

Abusa aja sanali kunama. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ojambula mafilimu a zachilengedwe anajambula usiku kea ali pamsana pa nkhosa yathanzi, akuchita zomwezo zimene zinkanenedwa kwa zaka zoposa zana. Nthawi zambiri chilondacho pachokha si chimene chimapha. Nkhosa imafa patapita masiku tizilombo tikalowa m'magazi, kapena imagwera kuphedi pothawa.

Ndinakhalapo mpando umodzi ndi bambo wina wokalamba m'sitima ya TranzAlpine, imene imadutsa m'mapiri omwewa kupita ku Greymouth. Anakulira pafamu ya nkhosa kumtundako. Anandiuza kuti bambo awo ankasunga milomo ya akea m'chitini pashelefu, ndipo ikachuluka ankapita nayo kukalandira ndalama. Sananene modzitama, koma sanachitenso manyazi. Anati munthu amene sanatolepo nkhosa yake ikuwola pamsana ili yamoyo asawaweruze bambo awo. Ndinangogwedeza mutu, chifukwa ndinkawamva kuposa mmene iwo ankaganizira. Ine ndinalindapo anyani. Chimanga chikayamba kukhwima, sukulu inkayamba yaima, ife tili pansanja kuyambira m'bandakucha ndi zitini ndi agalu. Nyani ndi wochenjera, amadziwa kusiyanitsa mwana ndi munthu wamkulu, amadziwa kuti Lamulungu m'mawa kumunda kulibe anthu. Nzeru zakezo sitinkazisirira ayi. Zinkatipsetsa mtima, chifukwa zinkatanthauza nkhokwe yosadzaza. Akanabwera mlendo ndi kamera kudzatiuza kuti anyaniwa ndi odabwitsa, tikanamupatsa chitini kuti alindeko tsiku limodzi.

Nditawaimbira amalume pa WhatsApp n'kuwafotokozera, anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mwini nkhosayo amatani, mphwanga?"

"Amakanena kuboma, amalume. A zachilengedwe amabwera kudzaona. Koma mukaipha nokha mungathe kumangidwa zaka ziwiri, kapena kulipa mpaka madola 100,000."

Anakhala chete pang'ono. "Ndiye kuti kumeneko mbalame ili ndi loya." Kenaka anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera kuyambira pachiyambi: "Nanga imadyedwa?"

Komabe pamenepa ine ndi bambo wa m'sitima uja timasiyana pang'ono. Si kea aliyense amene amakwera nkhosa. Ndi ochepa amene amaphunzira khalidweli, ndipo ambiri mwa 150,000 aja anafa asanalaweko mafuta a nkhosa. Kupha mudzi wonse chifukwa cha wakuba mmodzi ngakhale kubwalo la amfumu sikungavomerezeke. Ndalama ikangoikidwa pamlomo, wosaka safunsanso kuti wolakwa ndi uti.

Nzeru za kea zayesedwa kwambiri, ndipo kuyesa kumodzi kumandikhala m'mutu. Amalia Bastos ndi Alex Taylor a ku University of Auckland anagwira ntchito ndi akea asanu ndi mmodzi a ku Willowbank Wildlife Reserve, malo osungirako nyama kuno ku Christchurch, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2020. Anayamba ndi kuwaphunzitsa kuti kamtengo kakuda kamasinthanitsidwa ndi chakudya, pamene kamtundu wa lalanje n'kopanda phindu. Kenaka anaika patsogolo pawo mabotolo awiri oonekera mkati, lililonse lili ndi timitengo tosakaniza. Munthu ankapisa dzanja m'botolo lililonse n'kutulutsa chibakera chofumbata, mbalame osaona chimene watola. Kea ankayenera kusankha dzanja. Ankasankha dzanja lochokera m'botolo momwe takuda tachuluka poyerekeza ndi tinato. Ofufuzawo anasintha zinthu kuti aone ngati akungowerenga takuda: anaika takuda tofanana m'mabotolo onse koma tinato tosiyana kuchuluka, ndipo akea anasankhabe kumene mwayi unali waukulu. Atagawa botolo pakati ndi chotchinga, kuti dzanja lizingofika pamwamba pokha, anasiya kulabadira zapansi n'kumangoyang'ana zimene zili pamwamba. Ndiye panabwera chomaliza. Munthu mmodzi ankatola akuyang'ana m'botolo n'kumasankha dala takuda, wina ankatola akuyang'ana kumbali. Akea anamuzindikira wokonderayo, ndipo ankasankha dzanja lake ngakhale mabotolo onse ali ofanana. Kuphatikiza zinthu zitatu zotere poganiza kunali kutaonekapo mwa anthu ndi anyani akuluakulu okha. Ine chimene chinandigwira mtima ndi chomalizacho. Mbalame yodziwa kuti pamzere wa kuponi uyu ndiye woti uime kumbali kwake.

Palinso nkhani ya kuseka. Akea akamasewera amakhala ndi kaliridwe kena, konjenjemera, kosiyana ndi "keee-aa" uja. Raoul Schwing ndi anzake anajambula kaliridweko n'kukakaulutsa pa sipika kwa akea akutchire ku Arthur's Pass, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 2017. Akea atakamva sanathamangire kusipika. Anangoyamba kusewera pomwe analipo, wina ndi mnzake, wina ndi kamwala, wina kuchita mapidigoli m'mlengalenga, akuluakulu omwe. Ataulutsa kulira kwa mtundu wina sizinachitike. N'chimodzimodzi mmene phwete la kuchipinda china limakugwirira usanamve n'komwe chimene chaseketsa anthu. Ndikakumbukira mnzanga wa ku Chipata atagwira m'mimba pa Otira paja, ndimaganiza kuti mwina tsiku limenelo wosaseka ndinali ine ndekha.

Za ukathyali wawo ndiye aliyense kuno ali nayo nkhani. Mu 2009 kea anaba pasipoti ya mlendo wa ku Scotland ku Fiordland n'kuuluka nayo m'nkhalango. Mu 2016 ogwira ntchito pa Homer Tunnel, njira yoboola phiri pamsewu wopita ku Milford Sound, ankadabwa kuti ndani akusuntha makoni a pamsewu, mpaka makamera anaonetsa akea akuwakokera pakati pa njira. Ku Murchison Mountains, komwe kuli misampha yoteteza mbalame yosowa yotchedwa takahē, anapeza misampha yoposa 200 italowetsedwa timitengo. Kamera inaonetsa kea akusankha kamtengo, kukasenda, n'kumakalowetsa m'bokosi mpaka msampha utafwamphuka.

Amene ndinapita kukamuona ndi maso anga ndi Bruce. Anapezeka ku Arthur's Pass mu 2013 ali wamng'ono, mlomo wa m'mwamba utaduka, ndipo akuganiza kuti unadulidwa ndi msampha wa zilombo. Tsopano amakhala ku Willowbank. Chinkhwe chopanda mlomo wa m'mwamba chili ngati mlimi wopanda dzanja lamanja: kudya n'kovuta, kudzikonza nthenga n'kosatheka. Bruce anapeza yekha njira. Amasankha kamwala kokula bwino, n'kukapana pakati pa lilime ndi mlomo wa m'munsi, n'kumapesa nako nthenga. Kakagwa amakatola kapena kufuna kena. Palibe anamuphunzitsa, ndipo akea anzake a m'khola lomwelo, oti milomo ali nayo, sachita zimenezi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Sanapese nthenga ine ndilipo. Anangobwera pafupi, n'kundiyang'ana nsapato, n'kuona kuti zingwe zake n'zomangika bwino, n'kuchoka.

Masiku ano mfuti si imene ikuwatha. Akalulu amene azungu anabweretsa atachuluka n'kuyamba kulimbirana msipu ndi nkhosa, m'ma 1880 anaitanitsa stoat, kanyama kofanana ndi likongwe, kuti kawadye. Odziwa za mbalame anachenjeza, koma sanawamvere. Stoat anapeza kuti mbalame zogona pansi n'zosavuta kuposa kalulu. Kuwonjezera apo pali possum, kanyama kokwera m'mitengo kochokera ku Australia, amene anamubweretsa chifukwa cha ubweya, pali makoswe, pali amphaka olowerera kutchire. Tsono taganizirani chisa cha kea. Wamkazi amaikira mazira awiri mpaka asanu, kuwafungatira kwa milungu itatu kapena kupitirira pang'ono, wamwamuna akumubweretsera chakudya, ndipo ana amakhala m'dzenjemo pafupifupi miyezi itatu asanauluke. Miyezi inayi yathunthu banja lili pansi, m'dzenje la khomo limodzi, fungo likumveka. Stoat akalowa amadya mazira, ana, nthawi zina ndi mayi yemwe.

Zimafika poipa m'zaka zimene mitengo ya beech yabereka kwambiri. Mitengoyi sibereka mofanana chaka chilichonse. Pakapita zaka zingapo nkhalango yonse imagwetsa njere nthawi imodzi, pansi kuchita kuti waa. Mbewa ndi makoswe zimaswana mosaneneka, stoat nayenso amaswana chifukwa ndiwo zachuluka. Njere zikatha, makoswe amachepa, koma gulu la stoat lija likadalipo, lanjala, ndipo limatembenukira kuzisa.

M'mapiri otere simungatchere misampha paliponse. Choncho nthambi ya boma ya Department of Conservation imamwaza poizoni wotchedwa 1080 ndi helikopita, m'timibulu tobiriwira topangidwa ndi ufa wa mbewu. Makoswe ndi possum amadya timibuluto, stoat amadya makoswe akufawo nayenso n'kufa. Nkhani imeneyi imagawa anthu kuno moti ukadutsa kugombe lakumadzulo umaona zikwangwani zotsutsa 1080 zitakhomedwa m'mipanda. Kumene amwaza, zisa zambiri za akea zimapulumuka. Koma akea ena amadya timibuluto n'kufa, monga asanu ndi awiri amene anafa pafupi ndi Fox Glacier mu 2008. Atafufuza kuti amene akufa ndi ati, anapeza kuti akea a kutali, osazolowera anthu, nthawi zambiri amatisiya timibuluto. Amene amafa kwambiri ndi a pafupi ndi misewu, midzi ndi malo osewerera pa sinowo, amene anazolowera kutola zakudya za anthu.

Nditawerenga zimenezi ndinaika foni pansi. Mayi wa pa Otira uja anabwera m'maso mwanga. Tchipisi yanga inali phunziro. Ndinamuphunzitsa kea uja kuti kanthu kachilendo kogwa kuchokera kwa munthu n'kokoma, ndipo iye ndi wophunzira wabwino, saiwala. Mlimi wa chitini cha milomo uja ankadziwa kuti akupha. Ine ndinkamwetulira, foni ili m'manja.

Tsopano akuyesa kuwaphunzitsa mobwezera. M'madera ena amayamba awapatsa timibulu topanda poizoni koma tothira mankhwala ochititsa nseru, kuti akadzaona tenitenito atinyansidwe. Mutu womwewo umene unaphunzira choipa ndi umene akuudalira kuti uphunzire chabwino.

Ndiye pali mtovu. Nyumba zakale za m'mapirimu, timisasa ta oyenda m'mapiri ndi mashedi a nkhosa, malata ake anakhomedwa ndi misomali ya mitu ya mtovu, ndipo m'malumikiziro a denga anaikamonso mtovu. Ndi chitsulo chofewa, chosavuta kutafuna, ndipo akuti kwa kea chimatsekemera. Amakhala padenga kumangochitafuna ngati mwana ndi nzimbe. Mtovu ukalowa m'magazi umawononga ubongo ndi impso. Mbalame imayamba kusanza, kuwonda, kudzandira, ndipo yopanda kufa nawo imakhala yopusa moti galimoto imaigunda ili chikhalire pamsewu. Atayeza magazi a akea a pafupi ndi midzi monga Aoraki/Mount Cook ndi Arthur's Pass, ambiri anapezeka nawo. Zimandipweteka kuti poizoni ameneyu amalasa pomwe pali chuma chake chonse, m'mutu. Bungwe la Kea Conservation Trust, limene linayamba mu 2006, limagwira ntchito yotopetsa yokwera padenga ndi padenga, kuzula misomali yakale n'kukhoma ina. Ndi ntchito yoti sungaijambule n'kuika pa Facebook anthu n'kuikonda, koma mwa zonse zimene ndamva ndi imene ndimaikhulupirira kwambiri, chifukwa msomali ukazulidwa wazulidwa. Zina n'zing'onozing'ono koma zimapha ndithu. Kea wina anapezeka atafa kumudzi wa Mount Cook, atamung'amba anapeza chokoleti.

Akuti akea otsala ali pakati pa 3,000 ndi 7,000. Mpata wa pakati pa manambala awiriwa ukukuuzani kuvuta kwa kuwerenga mbalame youluka mitunda italiitali m'mapiri osafikika. Ndipo chifukwa amasonkhana pomwe pali anthu, mlendo ngati ine amaona asanu pamalo oimika galimoto n'kuganiza kuti phiri lonse ladzaza. Mu 2017 bungwe la IUCN, loona za chilengedwe padziko lonse, linamuika pagulu la zamoyo zimene zili pangozi yotheratu, ndipo chaka chomwecho anthu a kuno anamuvotera kukhala mbalame yapachaka pampikisano wa bungwe loteteza zachilengedwe la Forest & Bird. Kwa Ngāi Tahu, fuko la Amaori la pachilumba chino, kea ndi taonga, chuma cha makolo, ndipo zimenezi zinalembedwa m'lamulo la 1998 limene linathetsa madandaulo awo ndi boma.

Ndisadzionetse ngati ndachokera kudziko losalakwa. Ku Liwonde tili ndi tizinkhwe tathu tating'ono tobiriwira ta nkhope yofiirira, timene timagona m'mphako za mitengo ya tsanya. M'chilimwe opha nyama mozemba amathira poizoni m'zithaphwi pofuna nyama ndi mbalame zikuluzikulu, ndipo tizinkhweto tikabwera m'gulu kudzamwa timafera pomwepo. Ndinakula osadziwa n'komwe kuti tilipo. Ndinadzatimvera kuno, kutsidya la nyanja, ndikufufuza za mbalame imene inang'amba galimoto yobwereka.

Galimotoyo ndinaibweza madzulo a tsiku lomwelo, mawu opepesa nditawakonza njira yonse. Bambo aja anaizungulira kamodzi, n'kugwira labala wolendewerayo, n'kufunsa kuti analipo angati. Ndinati atatu. Anati ndinachita mwayi. Ndalama ya mawaipa analandira, ya labala wa chitseko anakana, ati imeneyo ndi fizi yanga ya sukulu. Za tchipisi sindinawauze.

Ndinabwererako chaka chotsatira mu Disembala, sinowo atasungunuka, pagalimoto yangayanga yakale imene labala wake anali wothetheka kale. Pa Otira panali kea mmodzi yekha, wamng'ono, wachikasu kuzungulira maso ndi pamphuno monga amakhalira ana. Kumwendo anali ndi kachibangili kokhala ndi chilembo, ka ofufuza, ndipo ndinakalemba papepala kuti ndikatumize pa intaneti pomwe anthu amalembapo akea amene awaona. Anadumpha chammbali mpaka pamapazi anga, n'kupendeketsa mutu. Manja anga anali m'matumba, chikwama nditachitsekera m'buti. Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana matumba, anakoka chingwe cha nsapato kamodzi. Kenaka kumbuyo kwanga kunaima basi ya alendo, chitseko chinatseguka, pepala la mabisiketi linachita phokoso m'manja mwa mwana wina, ndipo kea uja anandisiya pomwepo n'kuyamba kudumphira komweko. Ndinamutsatira, ndikukonza m'mutu Chingelezi chaulemu choti ndikawauze makolo a mwanayo.